KODI CAKUDYA CATHU TIGULA KUTI?

Kwa aphunzitsi: Nkhani isanayambe, lembani pa bolodi mau awa: munda, msika, kantemba, sitolo yaikulu. Mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo, pakuti m'kati mwa nkhani muli masamu awiri.

Nkhani yathu ya lero ndi ya kugula cakudya, ndipo tiyamba ndi funso lapafupi. Kumbukirani zimene munadya dzulo madzulo. Ambiri a inu munadya nsima ndi ndiwo. Tsono ufa wa nsimayo unacokera kuti? Nanga ndiwo? Nanga mcere, tomato ndi mafuta ophikira, amene ambiri timawacha saladi? Mukafunsa amai kunyumba, mudzapeza kuti zinthu zimene zinakumana m'mbale imodzi zinacokera kumalo atatu kapena anai. Wina angafunse kuti, "Bwanji amai sagula zonse pamalo amodzi kuti asavutike ndi kuyendayenda?" Funso limeneli ndilo tifuna kuyankha. Mudzaona kuti munthu posankha kogula sayang'ana mtengo wokha ai, ndiponso kuti mtengo wolembedwa pa cinthu sindiwo wonse umene banja limalipira.

Malo anai

Malo oyamba ndi munda. Kumidzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa, monga ya ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, mabanja ambiri sagula ufa pa caka ca zokolola zabwino. Amatapa cimanga m'nkhokwe napita naco kucigayo. Nshawa, nyemba, maungu ndi mfutso ali nazo pakhomo, ndipo ndiwo zamasamba amathyola kudimba. Komatu munda subala mcere, sopo, shuga kapena macesi. Cotero ngakhale mlimi wakhama amayenera kugula zina.

Malo aciwiri ndi msika. Pafupifupi tauni iriyonse iri ndi msika wake: Kapata ku Chipata, Chisokone ku Kitwe, Maramba ku Livingstone, ndi Soweto ku Lusaka. Pa msika wa Soweto malole amafika usiku ndi m'bandakuca atasenza mabokosi a tomato, matumba a anyezi ndi kabici. Inu mukali m'tulo, amai ogulitsa m'makomboni amakhala atafika kale kudzaoda katunduyo, kuti akamgulitse pang'onopang'ono kufupi ndi nyumba zanu. Msika uli ngati mapu a dziko lathu. Mudzapezamo kapenta wa ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ndi wa ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, mpunga wa ku Chama, Nakonde ndi Mongu, ndi nyemba za ku Mbala ndi Solwezi.

Malo acitatu ndi kantemba, kasitolo kakang'ono ka malata, matabwa kapena njerwa, kamene kali pafupi ndi kwanu. Kumudzi timakacha golosale. Mwini kantemba amagula zinthu zambiri pamodzi nazigawa tizigawo tating'ono: shuga wa m'kapulasitiki, saladi wa m'kabotolo, dzira limodzi, ndi kathumba ka ufa kokwanira nsima ya tsiku limodzi, kamene anthu a m'tauni amakacha pamela.

Malo acinai ndi masitolo akuluakulu a m'tauni, monga Shoprite ndi Choppies, mmene wogula amadzitengera yekha zinthu pa mashelefu. Mtengo umakhala wolembedwa, ndipo polipira amapatsidwa lisiti yoonetsa zonse zimene wagula.

Kale sizinali tero

Musaganize kuti malo onsewa anali otsegukira aliyense kuyambira kale. Dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, m'masitolo ambiri a m'tauni munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima panja ndi kugulira pa kazenera, nalandira ciriconse cimene wogulitsa wamsankhira. M'zaka za m'ma 1950 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu kuti aleke kugula m'mabucha ndi m'masitolo otere. Anthu anamvera, ndipo eni masitolo anaona kuti wogula akakana kubwera, malonda amaima. Kusankha kogula kunakhala cida comenyera ufulu.

Titalandira ufulu mu 1964, zinthu zinasintha. Mu Januwale 1968 tinayamba kugwiritsa nchito kwacha ndi ngwee m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Mu Epulo caka comweco, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri. Motero kunabwera masitolo a boma, monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, ndipo boma ndilo linali kuika mitengo ya zinthu zofunika monga ufa, shuga ndi saladi. Colinga cinali cakuti wosauka nayenso azitha kugula. Koma mtengo wa mkuwa, umene dziko linali kudalira, unagwa capakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndalama zogulira katundu ndi zipangizo kunja zinacepa. Mashelefu anayamba kukhala opanda kanthu. Funsani agogo anu za mizere ya masiku amenewo. Adzakuuzani kuti munthu anali kulawirira kukaima pa mzere wa sopo kapena saladi, ndipo nthawi zina katundu anali kutha iye asanafike kutsogolo. Mtengo wa ufa utakwera, kunabuka zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990. Izi zitiphunzitsa kuti nkhani ya mtengo wa cakudya si yamasewera.

Pambuyo pa masankho a 1991 boma latsopano linaleka kuika mitengo, ndipo masitolo a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba m'dziko lino pa mseu wa Cairo ku Lusaka. Tuntemba natonso tunaculuka m'makomboni, pakuti anthu ambiri amene nchito inawathera anayamba malonda ang'onoang'ono. Lero katundu sasowa monga kale. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi ndalama. Tsono popeza kogula n'kwambiri koma ndalama n'zocepa, kodi anthu amasankha bwanji? Tiyeni tione zifukwa zisanu.

Cifukwa coyamba: mmene ndalama imabwerera

Aphunzitsi anu, anamwino ndi apolisi amalandira malipiro kamodzi pa mwezi. Munthu wotere angathe kugula thumba la ufa la makilogalamu 25 tsiku limodzi. Koma woyendetsa wilibala pa msika, kapena mai wocapa zobvala za anthu, amalandira ndalama pang'ono tsiku ndi tsiku. Iye sangadikire kuti ndalama ikwane thumba lathunthu pamene ana ali ndi njala lero. Amagula pamela.

Tengani mapensulo anu. Mitengo imene ndichule ndi yongoyerekezera, kuti tipeze pocitira masamu. Tinene kuti thumba la makilogalamu 25 likugulidwa K250. Kilogalamu imodzi ndi ndalama zingati? Gawani 250 ndi 25. Yankho ndi K10. Tsono tinene kuti pa kantemba kathumba ka kilogalamu imodzi ndi K14. Banja likagula timatumba 25 totere, lilipira zingati? Yankho ndi K350. Ufa ndi wofanana, koma banja logula pang'onopang'ono lalipira K100 yoonjezera.

Ganizirani bwino zimenezi, ana inu. Amene ali ndi ndalama zocepa ndiye amalipira zambiri. Sacita tero cifukwa ca umbuli ai, koma cifukwa ndalama imamfikira pang'onopang'ono. Cotero musamaseke mnzanu amene mwakumana naye atanyamula pamela. Ndiponso musafulumire kunena kuti mwini kantemba ndi wakuba, pakuti iye analipira galimoto yobweretsa ufawo, anagula timapulasitiki, nakhala pa kantembapo tsiku lonse. Mabanja ena anapeza njira yopepukira: awiri kapena atatu amasonkha ndalama, nagula thumba limodzi ndi kugawana. Amai ena amacita cilimba, kupatsana ndalama mosinthana, kuti aliyense pa nthawi yake agule zambiri pamodzi.

Cifukwa caciwiri: mtunda

Nayi samu yaciwiri. Tinene kuti paketi ya shuga ndi K60 pa kantemba ka kwanu, koma m'tauni ndi K52. Basi yopita m'tauni ndi K15, pobwera K15. Kodi shuga wochipa ndi uti? Wa m'tauni wakudyerani K52 kuonjezapo K30, ndiyo K82, osawerengera maola awiri amene mwataya pa njira. Koma ngati pa ulendo womwewo mwagula zinthu khumi, ndipo ciriconse mwapulumutsapo K8, mwapulumutsa K80. Mukacotsapo K30 ya basi, mwatsala ndi K50. Ndico cifukwa cake anthu ambiri amapita ku sitolo yaikulu kamodzi pa mwezi kukagula zambiri, koma mcere ukatha madzulo amatuma mwana pa kantemba. Kumudzi mtunda umalamula koposa. Munthu amene kwao kuli makilomita 40 kucokera pa boma amagula pa golosale, ndipo za m'tauni amagula tsiku limene wapita kukagulitsa mbeu kapena kucipatala.

Cifukwa cacitatu: posungira

Kugula zambiri kumathandiza ngati muli ndi posungira. Ufa, nyemba ndi sopo zimakhala masiku ambiri, koma nyama, mkaka ndi nsomba zaziwisi zimafuna firiji, ndipo firiji imafuna magetsi. Nyumba zambiri za kumidzi ziribe magetsi. Ngakhale m'tauni, mu 2024 kunagwa cilala, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mabanja amene anazolowera kudzaza firiji anabwerera ku nzeru ya makolo, ya kugula ndiwo za tsiku limodzi ndi kudalira zouma monga kapenta, nyemba ndi mfutso. Cinthu cochipa cimene caolera m'nyumba ndi ndalama yotayidwa.

Cifukwa cacinai: kudziwana

Mu sitolo yaikulu wolandira ndalama sadziwa dzina lanu, ndipo mukaperewera K1 mumabweza cinthuco. Pa kantemba mwini wake amadziwa atate ndi amai anu. Mwezi ukafika pakati ndalama zitatha, amatsegula kabuku kake nalemba nkhongole, kuti mudzalipire malipiro akabwera. Pa msika mungathe kunenerera mtengo, ndipo mai amene mumagula kwa iye nthawi zonse amakuikirani mbasela, tomato mmodzi kapena awiri pamwamba. Anthu ambiri amabwerera kwa wogulitsa mmodzi zaka ndi zaka cifukwa ca ubale wotere. Koma nkhongole iri ndi msampha wake. Amene ali m'kabuku sakhalanso ndi ufulu wosankha, pakuti amacita manyazi kukagula kwina, ngakhale kumeneko zinthu zitachipa. Ndipo nkhongole yosabwezedwa yagwetsa tuntemba tambiri ndi kudanitsa anansi.

Cifukwa cacisanu: muyeso ndi ukhondo

Pa msika zinthu zambiri zimagulitsidwa pa milu, pa mbale kapena pa citini cimene amacicha meda. Ubwino wake ngwakuti mumaona ndi maso, mumagwira, ndipo mungalawe. Kuipa kwake nkwakuti milu siilingana, ndipo wogulitsa wosakhulupirika angaponde pansi pa citini kuti cilowe zocepa. Ogulitsa ambiri ndi oona mtima, koma maso anu akhale otseguka. Mu sitolo yaikulu kulemera kwa cinthu kumalembedwa pa paketi, ndiye kuyerekeza mitengo sikubvuta. Kumenekonso kuli msampha wina: maswiti ndi zakumwa amaziika pafupi ndi polipirira, ndipo munthu amene analowa kudzagula zinthu zitatu amaturuka ndi zisanu ndi ziwiri.

Za ukhondo musaziiwale. Matenda a kolera amafala ndi madzi ndi zakudya zodetsedwa. Mu Januwale 2018 kolera itabvuta mu Lusaka, boma linaletsa malonda a m'miseu ndi kutseka misika ina kuti iyeretsedwe. Mu 2024 matendawa anacititsa kuti masukulu acedwe kutsegulidwa mpaka mwezi wa Febuluwale. Cotero anthu anzeru amagula pa thebulo loyera, pamene cakudya ciri cobvundikira ndipo sicinayalidwe pansi pafupi ndi ngalande. Zipatso ndi ndiwo zamasamba, kaya zacokera ku msika kaya ku sitolo yaikulu, zitsukidwe ndi madzi abwino.

Mwaona tsono kuti palibe malo amodzi oposa onse pa zonse. Msika umapambana pa ndiwo zatsopano, sitolo yaikulu pa katundu wogula wambiri, kantemba pa kufupika ndi pa tsiku la mabvuto, ndipo munda umapambana onse pa zimene ungabale. Amai anu akamagula uku ndi uku, dziwani kuti akucita masamu m'mutu, kuti ndalama ifike kumapeto kwa mwezi.

Pali cinanso coyenera kukumbukira. Ndalama imene mwalipira siithera m'manja mwa wogulitsa. Mukagula repu pa msika, gawo lina lipita kwa mlimi wa dimba, lina kwa woyendetsa lole, lina ligulira yunifomu mwana wa wogulitsayo, amene mwina mwakhala naye pa desiki limodzi. Masitolo akuluakulu nawonso amalemba anthu nchito, ndipo zina zimene amagulitsa n'zolimidwa ndi kupangidwa mommuno. Shuga wa ku Nakambala, ku Mazabuka, ndi citsanzo cimodzi. Zolowerani kuwerenga pa paketi kuti mudziwe dziko limene cinthu cinacokera.

Mukatumidwa

Ambiri a inu mumatumidwa kukagula. Ndalama imene yaikidwa m'dzanja lanu ndi thukuta la makolo anu, cotero sungani malangizo awa. Funsani mtengo musanapereke ndalama, ndipo funsani mwaulemu: "Zikomo amai, mulu uwu ndi zingati?" Akulu anati safunsa anadya phula. Werengani cenji musanacoke pamalopo, pakuti mukabwerera pambuyo pake mudzakangana cabe. Pa mkaka, buledi ndi zakudya za m'mapaketi, yang'anani tsiku limene cinthuco cidzatha mphamvu. Citini cotupa kapena cadzimbiri musagule. Pogula mcere, onani ngati palembedwa kuti muli ayodini, amene amateteza ku cithokomiro. Shuga wogulitsidwa m'dziko lino ayenera kukhala ndi vitamini A, monga mwa lamulo la 1998. Ngati mwapatsidwa lisiti, pitani nayo kunyumba pamodzi ndi cenji yonse. Ndipo wogulitsa akalakwitsa nakupatsani cenji yoposa, bwezani, pakuti kukhulupirika kumafunika mbali zonse ziwiri.

Dziwaninso kuti lamulo limateteza wogula. Lamulo la 2010 loona za mpikisano pa malonda ndi citetezo ca ogula limafuna kuti mitengo izionetsedwa, ndipo limaletsa zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo la Zambia Metrology Agency limayesa masikelo a ogulitsa kuti akhale olungama. Mukagulitsidwa cinthu coonongeka, musacite ndeu. Uzani makolo kapena aphunzitsi, ndipo iwo adziwa kokadandaula.

Makolo athu analimbana kuti tizilowa pa khomo la sitolo ndi kudzisankhira tokha. Ufulu umenewo umapindulira munthu wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera. Masamu amene mukuphunzira m'kalasi ndi omwewo amene adzasunga ndalama za banja lanu. Madzulo ano funsani amai kapena atate kumene anagula zimene mukudya, ndi cifukwa cake anagula kumeneko. Mubwere ndi mayankho mawa.

Zocita pambuyo pa nkhani

1. Ana achule zinthu khumi zimene zimadyedwa kwao, nalembe ciriconse pansi pa amodzi a mau anai a pa bolodi.
2. Aphunzitsi atume magulu atatu a ana kukafunsa mitengo yeniyeni ya ufa, shuga ndi saladi pamalo awiri osiyana. Kalasi lipeze mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi pamalo alionse.
3. Pa mapu a Zambia, ana asonyeze Siavonga, Mpulungu, Chama, Mongu, Mbala ndi Mazabuka, nanene cakudya cocokera kumalo amenewa.
4. Mwana aliyense afunse munthu wacikulire za mizere ya m'masitolo ya m'zaka za m'ma 1980, nalembe ziganizo zisanu za zimene wamva.
5. Ana awiri acite sewero la wogula ndi wogulitsa pa msika, kuonetsa kufunsa mtengo mwaulemu ndi kuwerenga cenji.